Bedi Lopinda la Amayi

Chaka chatha, ndili Fomu 3, amayi anagwa pamjigo wa m'dera lathu la Unit D atasenza ndowa ya madzi. Pansi panali poterera ndi ndere. Anathyoka fupa la m'chiuno, ndipo madokotala anawaika chitsulo. Pofika mwezi wa Meyi anali atayamba kuyenda ndi ndodo, kuphika atakhala pampando, ngakhale kutikalipira monga kale. Chinatsala chinthu chimodzi: kukhala pansi. Akatsika pamphasa sankatha kudzuka popanda anthu awiri owakweza, ndipo adokotala anawaletseratu.

Chaka chomwecho ndi chimene amayi anayenera kuvekedwa yunifolomu ya gulu la amayi osonkhana Lachinayi kutchalitchi kwathu. Anali ataphunzira zaka ziwiri. Bulauzi yoyera inali itasokedwa kale, itapachikidwa pachitseko cha wodilopu m'pepala la pulasitiki. Kuvekako kumachitika kamodzi pachaka, pamsonkhano wa masiku atatu m'tchuthi cha Ogasiti, pasukulu ina ya kumidzi. Wovekedwa ayenera kukhalapo masiku onse atatu ndi kugona komweko. Ndipo kumeneko amayi onse amagona pansi m'makalasi, mphasa kugundana ndi mphasa.

Abambo anga ndi owotcherera zitsulo. Ali ndi shedi kuseri kwa nyumba, kumene amapanga mageti, zitsulo za m'mawindo ndi mbaula. Iwo anaona ngati nkhaniyi njosavuta.

"Tingonyamula bedi lathuli, ndikakuikirani m'kalasimo," anatero.

"Bedi pakati pa kalasi?" anayankha amayi. "Amayi aakulu a msinkhu wa amayi anga ali pansi, ine ndili m'mwamba ngati mfumukazi? Bambo a ana, mukufuna akandiveke yunifolomu kapena akandipatse dzina?"

Kugona m'galimoto sikukanatheka chifukwa mwendo unkafuna kutambasulidwa. Amayi ena, makamaka a ana akhanda ndi achifuwa, amagona m'matenti panja pafupi ndi magalimoto, ndipo palibe amawanena. Koma tenti nayo ndi pansi pomwe.

Maganizo anandibwerera Loweruka lina ndikutsuka galimoto yathu yakale. Kumbuyo kwake kuli chitsulo chokokera ngolo, chimene mwini wake woyamba anaikapo. Ife sitinakokerepo kanthu, ntchito yake inali kundigunda pamsongolo. Tsiku limenelo chinandigundanso, ndipo ndili pakati popukusa mwendo ndinachiyang'ana bwino. Chinali cholimba, chinali pamwamba pa nthaka, ndipo chinkapita kulikonse kumene galimoto ikupita.

Ndinatenga kope limene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, ndikuyamba kujambula kumasamba akumapeto. Kusukulu ndimatenga phunziro la kujambula mapulani a zinthu, ndipo m'kalasi yonse atsikana tilimo atatu okha. Ndinajambula bokosi lopyapyala loimirira kumbuyo kwa galimoto, litakhala pachokokeracho. Pofika, munthu azisolola chitsulo chimodzi, bokosi lizigona pansi, chivundikiro chake chizitambasuka, miyendo iwiri izitsika n'kuponda nthaka. Mbali ziwirizo pamodzi zizikhala bedi. Pamwamba mapaipi awiri opindika, kenako lona.

Abambo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, akupukuta manja pa ovolosi.

"Ainjiniya," anatero, "pepala silinyamula munthu. Tenga choko."

Abambo sajambula papepala. Amajambula pansi pa shedi ndi choko, chinthu chonse mu ukulu wake weniweni, kenako amadula chitsulo n'kuchigoneka pamzere. Poyamba ndinaona ngati ndi njira yachikale. Koma titajambula bedilo pansi n'kundiuza kuti ndigone m'mizeremo, ndinapeza kuti zigongono zanga zikutuluka kunja. Papepala ndinali nditawapanikiza amayi ngati sadini m'chitini. Tinafufuta ndi phazi n'kukulitsa. Msinkhu wa bedi tinauyeza pampando wa kukhitchini, umene amayi ankadzukapo okha mosavuta.

Kunyumba abambo amandiyankhula Chichewa ine n'kumayankha Chishona, monga anzanga onse a mumzere wa nyumba zathu. Koma m'shedimo ndinazindikira kuti ndayamba kuwayankha m'chiyankhulo chawo, mwina chifukwa pokangana ndi abambo umafuna mawu ako awafike msanga. Ndipo tinakangana kwambiri. Iwo anatulutsa angelayini wokhuthala amene amapangira mageti. Anthu ogula geti kuno amayamba alinyamula, likalemera ndiye amati ndi labwino, choncho dzanja la abambo linazolowera kulemeretsa chilichonse.

"Chitsulo chokhuthala sichinama," anatero.

"Ababa, chokokerachi chimanyamula zingati?"

"Kukoka chimakoka zambiri. Koma kusenza, thumba limodzi la simenti ndi theka, osapitirira."

Ndinadzaza ndowa ndi madzi n'kuwapatsa. Anainyamula pafupi ndi mwendo akuseka. Ndinawapempha kuti atambasule dzanja, aigwire kutali ndi thupi. Sipanapite nthawi dzanja linayamba kunjenjemera.

"Bokosi lathu likhala chonchi," ndinatero, "lili kutali ndi galimoto, ndiye pali mabampu a pamsewu wa ku Seke."

Anaika ndowa pansi, anandiyang'ana, kenako anabweza angelayini uja pakona. Tinagwiritsa ntchito machubu achitsulo opyapyala ndi pulayiwudi. Tinkagwira ntchito magetsi akakhalapo, akazima tinkadula ndi sowo yamanja ndi kupala dzimbiri. Lona anatisokera bambo wina wa ku Unit K wosoka mipando ya magalimoto. Nambala ya galimoto tinaisamutsira pabokosi kuti izioneka, ndipo bokosilo tinalichepetsa m'mbali kuti lisaphimbe magetsi akumbuyo. Pamwamba pake ndinajambula pathyathyathya, ndi zogwirira ziwiri mbali iyi ndi iyo, kuti potsitsa munthu azigwira bwino. Zogwirira zimenezo ndinazinyadira kwambiri.

Mu Julaye panali mwambo woika mwala pamanda a agogo aamuna, kufamu kumene anagwira ntchito ya fodya chibwerereni kuchokera ku Malawi. Tinaganiza zokayesera bokosi lathu pa ulendo umenewo. Tinanyamuka ine, abambo, amayi ndi azakhali, achemwali awo aakulu a abambo amene amakhala ku Unit C. Kupita tinayenda bwino. Masana amayi atatopa, tinatambasula bedi pansi pa mtengo, anagonapo, n'kudzuka okha. Ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga.

Vuto linabwera pobwerera. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti galimoto yochoka kufamu kupita kutauni sichoka chimanjamanja. Inali nyengo yoti anthu angokolola kumene. Uyu akupatsa abambo maungu, uyu akutumiza mtedza kwa mwana wake wa ku Unit K, uyu nkhuku. M'buti munadzaza, pamiyendo pathu panadzaza. Panatsala thumba la chimanga, thumba la mbatata ndi mtolo wa nzimbe. Azakhali anazungulira galimoto, maso awo anagwera pabokosi.

"Achimwene, malo onsewa apite opanda kanthu? Onani, mwaikamo ndi pomangira pomwe. Bweretsani malegeni!"

Pomangira pamene ankanenapo ndi zogwirira zanga zija.

Ndinakoka malaya a abambo. "Baba, zvinorema," ndinanong'ona m'Chishona, kuwauza kuti katunduyo alemera.

"Khala chete, ndi akulu awa," anayankha osandiyang'ana.

Ndinaona pankhope pawo kuti akudziwa. Koma abale onse anali ataima pomwepo, ndipo mwini chimanga anali gogo wina amene anawalera abambo ali mwana. Matumba anakwezedwa, malegeni anakokedwa mpaka kulira. Abambo anayendetsa pang'onopang'ono njira yonse. Tinatsala pang'ono kufika, koma pabampu lina polowa mu Seke tinamva chiphokoso kumbuyo, kenako kukwekwerezeka kwa chitsulo pa tala. Titatsika tinapeza chokokera chapindikira pansi, bokosi lapendekera kumbuyo, ngodya yake yaphwanyika. Mbatata zinali mbwee mumsewu. Oitanira makombi, maminibasi a kuno, anatithandiza kutola, uku akufunsa abambo ngati galimotoyo ili ndi pakati.

Titafika kunyumba amayi sanadandaule. Anachotsa bulauzi ija pachitseko cha wodilopu, anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa sutikesi.

"Chaka chamawa chiliponso," anatero. "Musavutike nane."

Anayankhula mopepuka, koma Lachinayi lotsatira sanapite kutchalitchi. Anati mwendo ukuwawa. Kunali kutatsala masabata atatu.

Abambo anapeza chokokera china kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa n'kuchimanga. Kenako anatulutsanso angelayini uja.

"Ulendo uno tipanga cholimba," anatero. "Ngakhale akweze ng'ombe."

"Ndiye adzakwezadi ng'ombe, Ababa. Mukalimbitsa bokosi chithyoka chokokera. Mukalimbitsa chokokera ing'ambika galimoto."

"Nanga ukufuna nditani? Ndiziwakaniza achemwali anga pamaso pa anthu? Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. Mawa adzati mwana wa malemu uja analowa tauni n'kuphunzira kumana."

Ndinali nditaganizira zimenezi masiku atatu, m'kombi ndi m'kalasi momwe. Kusukulu amatiphunzitsa kuwerengera kulemera kwa chinthu ndi mphamvu ya chitsulo. Ine ndinawerengera amayi, matiresi ndi lona. Sindinawerengere azakhali. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinabadwira mumtundu womwewu, ndipo ndikudziwa kuti kwathu malo athyathyathya ndi kuitana katundu.

"Musawakanize inu," ndinatero. "Liwakanize ndi bokosi."

Ndinatenga choko n'kujambula pansi. Pamwamba pa bokosi ndinapasandutsa denga lotsetsereka kwambiri, lakuthwa pansonga, loti ngakhale mbale singakhalepo. Ngodya zonse zozungulira kuti legeni lizitereka. Zogwirira ndinazichotsa kunja n'kuzibisa kunsi, kumene dzanja lokha lodziwa lingazipeze. Kunja konse lata losalala, lopaka penti yonyezimira. Mpata wa pakati pa bokosi ndi chitseko cha buti ndinauchepetsa kuti thumba lisalowepo.

Abambo anaima atagwira m'chiuno. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka amayi anafunsa ali kukhitchini kuti kwagwanji.

"Mwana uyu ndi woipa mtima," anafuula abambo. "Watengera kwanu!"

Titamaliza kukonza, tinaliyesa mwa njira imene sili m'buku lililonse la kusukulu. Abambo anadzaza thumba ndi mchenga, anatenga malegeni, anamanga chitenje cha amayi m'chiuno pamwamba pa ovolosi, n'kukhala azakhali.

"Achimwene, kathumba kamodzi kokha aka," ankatero ndi mawu ang'onoang'ono, akuzungulira bokosi. "Ndi ka mwana wamasiye."

Ndinaseka mpaka misozi, koma mayesowo anali enieni. Ulendo woyamba anapambana. Anakoletsa legeni pakachitsulo kogwira nambala, thumba n'kulendewera. Tinakadula kachitsuloko, nambala tinaimamatiza palata penipeni. Ulendo wachiwiri anapeza mutu wa bawuti wotulukira kunja. Tinautembenuzira mkati. Ulendo wachitatu anazungulira kanayi, anayesa uku ndi uku, thumba likungotsetsereka n'kugwera pamapazi awo. Anavula chitenje chija n'kupukutira thukuta.

"Akakwanitsa achemwali anga apa," anatero, "ndisiya kuwotcherera."

Amayi anali ataima pakhomo ndi ndodo yawo. Anangoti chitenje chawo chichapidwe, ndipo madzulo ake anandituma kukabwereka ayironi yamakala yositira bulauzi ija, chifukwa magetsi anali atazima.

Tsiku lonyamuka azakhali anafika m'mamawa, atavala kale yunifolomu yawo, chifukwa iwo anavekedwa ine ndisanabadwe. Kumbuyo kwawo kunali wilibala, m'menemo thumba la makabichi a kukhitchini ya msonkhano ndi zidebe ziwiri. M'galimoto munali mutadzaza kale ndi zofunda ndi mapoto. Azakhali sanafunse munthu. Anapita molunjika kumbuyo, malegeni ali m'manja.

Anaima. Anapapasa pamwamba. Anasuzumira m'mbali.

"Zogwirira zija zapita kuti?"

"Zinathyoka tsiku lija, achemwali," anayankha abambo, maso ali pa tayala.

Anakweza thumba n'kulikhazika pansonga. Linatsetsereka. Analikwezanso, anandiuza kuti ndiligwire, anazunguliza legeni bokosi lonse n'kukoka. Legeni linakwera lokha pang'onopang'ono, linafika pangodya yozungulira, n'kufwamphuka. Kabichi mmodzi anagubuduka mpaka kugeti.

"Maiwe! Ndani anapanga chinthu chopanda ulemu chotere?"

"Ndi mwana wanu uyu," anatero abambo. "Sukulu imeneyi, achemwali. Ine ndinangowotcherera."

Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinali ndisanawayankhepo mwamwano chibadwire, ndipo sindinkafuna kuyamba tsiku limenelo.

"Iwe, unachita dala?"

"Eya, azakhali. Kuti amayi akafike."

Azakhali anayang'ana amayi, amene anali atakhala kale kutsogolo mwendo atautambasula.

"Alamu, mwana wanuyu adzativutitsa," anatero. "Kankha wilibala, tikasiye kutchalitchi. Lole ya mpingo sinanyamuke."

Lole imeneyo imapita chaka chilichonse, ndipo malo amakhalamo. Koma kwathu katundu amakoma akayenda ndi mwini wake.

Tinafika kusukulu kuja dzuwa lili pamutu, bokosi lili chiimire. Pamsonkhano wa amayi amuna sagonapo, choncho abambo anaimika galimoto pafupi ndi matenti, pamalo osalala, anandipatsa makiyi, n'kupita kukakwera kombi yobwerera. Sanafune n'komwe kundithandiza kutsegula.

"Ndi chako," anatero. "Ndibwera Lamulungu."

Amayi angapo anali atayamba kale kusonkhana, akufunsana ngati ndi firiji kapena bokosi la zokuzira mawu. Ndinapisa dzanja kunsi, ndinasolola chitsulo chotsekera, ndinagwira zogwirira zobisika zija n'kutsitsa bokosi pang'onopang'ono. Ndinatambasula chivundikiro, miyendo iwiri inatsika n'kuponda nthaka. Ndinadzutsa mapaipi, ndinakoka lona n'kulikoletsa m'makona. Matiresi anali kale mkati. Amayi anayandikira, anatembenuka, anakhala, anakweza mwendo wodwala ndi manja awo, n'kugona chagada.

Panamveka nthungululu. Gogo wina anagogoda miyendo ya bedi ndi ndodo yake kuti aone ngati ndi yoona. Wina anafunsa ngati tinaitanitsa kunja. Ndisanatsegule pakamwa, azakhali anali atayamba kale.

"Kunja kuti? Ku Unit D konkuno! Mwana wa mchimwene wanga uyu, anajambula yekha ndi manja akewa. Ndipo musayese kumangapo katundu, sichilola. Ine ndayesa."

Masiku onse atatu amayi anagona m'menemo, ine ndikugona m'galimoto kuti akandifuna andiitane. Sanandiitane. M'mawa uliwonse ndinkamva lona likusuntha, kenako ndodo ikugunda pansi, n'kuwaona akupita kukasamba ndi anzawo. Anakhala nawo pamaphunziro onse. Chinthu chimodzi chimene ndinalemba m'kope langa kuti ndidzakonze ndi chakuti mame ankadontha pamsoko wa lona kumapazi. Ndinatsekapo ndi pepala la pulasitiki.

Lamulungu holo inadzaza, ndipo ife atsikana tinaonerera pawindo. Abambo anafika mochedwa pang'ono n'kuima kumbuyo kwanga, atavala jekete lawo la maukwati. Ovekedwa anali pamzere kutsogolo. Anzawo anagwada, amayi anawaikira benchi. Aliyense amavekedwa ndi mayi wamkulu amene wamusankha, ndipo ndinadabwa kuona azakhali akudzuka ndi bulauzi yoyera pamkono. Amayi anali asanandiuze. Anawaveka, anamanga mabatani mmodzimmodzi, anawamanga duku, kenako anawanong'oneza kanthu kena kamene kanawaseketsa onse awiri pakati pa pemphero.

Atatuluka panja nyimbo inali itagwira, amayi ovala zoyera akuzungulira bwalo m'fumbi. Ndinathamanga kukawachingamira. Nditawafika pafupi ndinangoima n'kumawayang'ana.

"Ukuyang'ana chiyani ngati sundidziwa?" anatero amayi. "Gwira ndodoyi."

"Amayi, adokotala anati..."

"Adokotala anati ndisakhale pansi. Gwira."

Ndinailandira. Analowa m'bwalo, azakhali atawagwira pachigongono, n'kuyamba kuvina ndi mapewa ndi mwendo umodzi, winawo ukutsatira pambuyo pang'onopang'ono.